Mbulu wa YBCO: kuuphika, kuulanda okosijeni, n'kuubwezeranso

Ntchito imene ndikulemba panoyi ndi yophika mbulu wa YBa2Cu3O7, umene ambiri amangouti YBCO, kutsimikiza kuti ndi superconductor (chinthu chimene chikazizira mokwanira chimadutsitsa magetsi popanda resistance, kutanthauza popanda chowatchinga), kenako kuuchotsa okosijeni mpaka utasiya kudutsitsa magetsi, n'kuubwezeranso okosijeniyo. Chimene ndikusaka ndi chizindikiro cha electron correlation, kukankhana kwa maelekitironi kumene m'ma oxide a kopa n'kwamphamvu moti kuyenda kwa elekitironi iliyonse kumadalira pamene anzake aima. Kukula kwa kukankhanaku amakuyeza ndi makina a photoemission ndi ma neutron, amene ine ndilibe. Koma zotsatira zake zimaoneka pa mita wamba yoyezera magetsi, bola mbulu upse bwino ndipo mawaya agwire.

Ndasankha YBCO chifukwa cha nayitrojeni. Oxide ya kopa yoyamba imene Georg Bednorz ndi Alex Müller anapeza ku IBM ya ku Zurich mu 1986, ya lanthanum ndi barium, imasanduka superconductor cha m'ma 35 K (K ndi madigiri a kelvin, owerengedwa kuchokera pa kuzizira kotheratu), ndipo nayitrojeni wamadzi safika kumeneko. YBCO, imene magulu a Maw-Kuen Wu ku Huntsville ndi Paul Chu ku Houston analengeza mu 1987, imasanduka cha pa 92 K, pamwamba pa 77 K pamene nayitrojeni amawira.

Januwale, koyambirira: ufa

Ufa ndi wa mitundu itatu: yttrium oxide yoyera, barium carbonate yoyeranso, ndi copper oxide yakuda. Pa magalamu 10 a YBCO pamafunika magalamu 1.695 a Y2O3, 5.924 a BaCO3 ndi 3.582 a CuO, onse pamodzi 11.20. Nambala yomalizayi muisunge. Barium carbonate ikapsa imatulutsa carbon dioxide wolemera magalamu 1.32, ndiye ufa wopsa mokwanira uyenera kutsala cha pa 9.9. Sikelo ndiyo imakuuzani kuti kupsa kwatha, maso amanamiza.

Yttrium oxide imayamwa chinyezi. Mukaiyeza itangochoka m'botolo lokhalitsa, gawo lina la kulemerako ndi madzi, ndipo msakanizo wanu umapereweredwa yttrium musakudziwa. Ndinaiwotcha kaye usiku wonse pa madigiri 900 a Celsius, n'kuiyeza idakali yofunda. Barium carbonate ndi poizoni, choncho magolovesi ndi chophimba kukamwa ndi mphuno zisachoke, ndipo kusinja kuchitikire mu fume hood, kabati yokoka fumbi ndi mpweya woipa.

Ndinasinjira m'kamtondo ka agate, nditathira acetone pang'ono kuti ufa usauluke. Madzi ayi. Muzisinja mpaka mukapaka ufawo pakhoma la kamtondo ndi munsi, pasaoneke timizere toyera. Dzanja limayamba kudandaula kusinjako kusanafike pakati.

Kumbali ya ndalama, ufa si umene umapweteka thumba, chifukwa magalamu ake ndi ochepa. Zimene zadya ndalama ndi silinda ya okosijeni ndi regulator wake, penti wa siliva, ndi nayitrojeni, amene amauluka kaya mukumugwiritsa ntchito kaya wangokhala m'chidebe chake.

Januwale, kumapeto: timadontho tobiriwira

Kuwotcha koyamba kunali m'kambiya ka alumina, kwa maola 12, mumpweya wamba, ng'anjo ikusonyeza madigiri 900. Chinatuluka ndi chibuma chotuwa, osati chakuda bii monga chiyenera kukhalira, chokhala ndi timadontho tobiriwira, ndipo pa sikelo chinali chidakali pamwamba pa magalamu 10. Carbonate sinathe kupsa. Zobiriwirazo ndi Y2BaCuO5, imene anthu a ntchitoyi amangoiti 211. Si superconductor, ndipo imabadwa pamene ufa sunasakanikirane bwino kapena pamene kutentha kwapyola.

Vuto linali pa thermocouple, choyezera kutentha cha ng'anjo. Chili kukhoma, pafupi ndi waya wotenthetsa, pamene kambiya kali pakati. Nditalowetsa thermocouple ina ya mtundu wa K n'kuigunditsa kambiya, inasonyeza kuti ufa ukutsalira ndi madigiri makumi angapo. Kuyambira pamenepo ndimakhulupirira yachiwiriyi. Ndinasinjanso chibumacho, n'kuwotcha pa 930 ya pa kambiya, n'kubwereza kusinja ndi kuwotcha mpaka sikelo itasiya kutsika. Ufa unada bii.

Mbali inayo nayo ili ndi msampha wake. Kambiya kena kanakhala pafupi kwambiri ndi waya wotenthetsa, ndipo ufa wapansi unasungunuka pang'ono n'kulowerera mu alumina, kusiya banga lakuda lobiriwirako limene silichoka. YBCO ikapitirira pang'ono madigiri 1000 mumpweya imagawikana kukhala 211 ndi madzimadzi a barium ndi kopa, ndipo madzimadziwo amadya alumina. Kambiyako kanatayika, ufa wake womwe. Malo abwino ali pakati pa 900 ndi 950 basi.

Febuluwale: mbulu ndi kamaginito

Ndinapsinja magalamu awiri a ufa mu die (chikombole chachitsulo) ya mamilimita 13 pa hydraulic press. Mibulu yoyamba inkasendeka pamwamba potuluka, chifukwa mphamvu inkachotsedwa mwadzidzidzi. Kumasula valavu pang'onopang'ono kunathetsa zimenezo. Powotcha mbulu ndimayala kaye ufa wa YBCO pansi pake, kuti zodyana ndi alumina zithere pa ufawo.

Mbulu woyamba unatuluka wolimba, wakuda, wooneka bwino. Ndinaumiza mu nayitrojeni, kuika kamaginito ka neodymium pamwamba, ndipo kamaginitoko kanangokhala phee pa mbulupo, osayandama monga kamachitira pamwamba pa superconductor. Ng'anjo inali itazizira mofulumira mumpweya wamba. Pa kutentha kwa 930, okosijeni wa m'mizere ya kopa ndi okosijeni, imene ili pakati pa magawo a krisitalo, amathawa, ndipo amabwerera mwaulesi pakati pa madigiri 400 ndi 500. Mbulu ukadutsa pamenepa mothamanga umatsala ndi njala ya okosijeni.

Ndinausamutsira mu tube furnace, okosijeni akuyenda pang'ono chabe, moti m'kabotolo ka mafuta kotulukira mpweya mumatha kuwerenga thovu limodzilimodzi. Kutsika kunali pafupifupi digiri imodzi pa mphindi mpaka 450, n'kuusiya pamenepo usana ndi usiku.

Ulendo uno zinayenda. Mukathira nayitrojeni amayamba wawira mwaphokoso, ndipo phokosolo likatsika ndiye kuti mbulu wazizira. Kamaginito ndinakabweretsa ndi kopanira ka pulasitiki, chifukwa kachitsulo kakanakoka maginitowo. Ndinamva kukankha m'zala kasanafike pa mbulu, ndipo nditakasiya kanaima m'malere mamilimita ochepa, kakuzungulira kokha. Nayitrojeni atauma kanatsika mwapang'onopang'ono mpaka kukhudza.

Chenjezo apa ndi la chinyezi. Mbulu wozizira umakutidwa ndi chisanu choyera, chimene chimasungunuka kukhala madzi, ndipo madzi amadya barium. Kachidutswa kena kamene kanagona konyowa kanachita kankhungu koyera pamwamba. Tsopano ndikangomaliza ndimaumitsa mbulu ndi mpweya wofunda n'kuutsekera m'botolo la silica gel.

Kuyandama kwa kamaginito n'kosangalatsa kuonetsa anthu, koma sikunena kuti gawo lalikulu bwanji la mbulu ndi superconductor, ndiponso sikunena kalikonse za maelekitironi pamwamba pa 92 K. Pamafunika mawaya.

Malichi: mawaya anayi

Gawo ili ndi limene landivutitsa kwambiri. Ndinadula kandodo kuchokera mu mbulu ndi sowo ya dayamondi, popanda madzi, kotalika pafupifupi sentimita imodzi. Mawaya awiri akunja amalowetsa magetsi, awiri amkati amayeza voltage, kuti resistance ya mawaya eni ake isalowe m'chiwerengero.

Penti wa siliva wongouma ndi mphepo sanagwire. Resistance ya polumikizira inali ma ohm ambirimbiri, pamene ya kandodo komweko ndi tizigawo ta ohm imodzi, ndipo nambala pa mita zinkangovina. Pozizira, waya wina anachita kuthothoka. Chimene chinathandiza ndi kupaka timizere tinayi ta siliva pa kandodo kopanda mawaya, kukawotcha kwa ola limodzi pa 450 mu okosijeni kuti siliva alowerere, kenako kumatapo timawaya ta kopa topyapyala ndi penti watsopano. Polumikizira panatsika kufika pansi pa ohm imodzi. Kuwotchaku kuchitike mu okosijeni, apo ayi mukukonza mawaya uku mukuwononga kandodo.

Kenako panabwera voltage yosafuna kutha. Mu nayitrojeni, pamene resistance iyenera kukhala ziro, mita inkasonyezabe ma microvolt angapo, ngakhale magetsi atazimitsidwa. Imeneyi ndi voltage imene imabadwa yokha pamene zitsulo zosiyana zakumana, mbali ina kuli kozizira ina kofunda. Mankhwala ake ndi kuyeza kawiri, magetsi akupita uku kenako akubwerera, n'kutenga theka la kusiyana kwake. Yabodzayo imachokapo chifukwa siitembenuka.

Choyezera kutentha ndi Pt100, imene ndinaiyesa kaye m'madzi a ayezi, pamene iyenera kusonyeza ma ohm 100, ndi mu nayitrojeni, pamene imakhala cha pa ma ohm 20. Poyamba kandodo ndi Pt100 zinali motalikirana pa pulasitiki, ndipo kusintha kunkaoneka pa kutentha kwina pozizira, kwinanso pofunda. Ndinazimata zonse pa kachibuma ka kopa, pakati nditaika kapepala kopyapyala kuti magetsi asadutse, n'kumayeza pofunda mu nthunzi ya pamwamba pa nayitrojeni, mosafulumira. Mizere iwiri ija inakumana.

Resistance imagwa mwadzidzidzi cha pa 92 K, koma siifika ziro pomwepo. Imasiya kamchira ka madigiri ochepa. Ndi magetsi a 1 mA kamchirako n'kakafupi, ndi 100 mA kamatalika. Mbulu wopsinja ndi timakrisitalo tambirimbiri togundana, ndipo pogundanapo ndi pofooka. Yezani ndi magetsi ochepa.

Pamwamba pa 100 K mpaka kutentha kwa m'chipinda, resistance ikukwera mumzere wowongoka. Umenewu ndiye khalidwe limene amalitcha strange metal, lodziwika kuyambira 1987, ndipo mu oxide ya lanthanum ndi strontium mzerewo umapitirira osapindika mpaka cha m'ma 1000 K. Ambiri amaugwirizanitsa ndi kukankhana kwa maelekitironi. Koma mzere wangawu sindiupatsa ulemu wambiri. Waya wa kopa wamba nayenso amapereka mzere wowongoka pakati pa 100 K ndi 300 K, ndipo Pt100 yomwe ndikuyezerayi imagwira ntchito chifukwa platinum amachita chimodzimodzi. Umboni weniweni uli kutsogoloku.

Epulo: kulanda okosijeni

Ndinatenga mbulu wina wa ufa womwewo, umene unayandamitsanso kamaginito, n'kuuyeza pa sikelo yoona gawo limodzi mwa magawo khumi a miligalamu. Masamu ake ndi apafupi. YBa2Cu3O7 imalemera magalamu 666 pa mole, okosijeni mmodzi ndi 16, ndiye kuchoka pa O7 kufika pa O6 ndi kutaya 2.4 peresenti. Pa mbulu wa magalamu awiri ndi mamiligalamu 48.

Ndinauwotcha pa madigiri 700 mu argon, n'kuuziziritsa mu argon yemweyo. Poyamba unangotaya timiligalamu tochepa. Pa chitseko cha chubu panali pothawira, mpweya wakunja unkalowa, ndipo mbulu pozizira unkamwanso okosijeni amene unataya. Nditasintha mphira wa pachitsekocho, kupaka girisi, n'kusiya argon ayende nthawi yaitali ng'anjo isanayatsidwe, mbulu unatuluka utapepuka ndi mamiligalamu pafupifupi 40. Ngati unayambira cha pa O6.9, ndiye wafika cha pa O6.1.

Kamaginito sikanayandame. Resistance inakwera kutalitali, ndipo khalidwe lake linatembenuka: pozizira imakwera m'malo motsika, ndipo mu nayitrojeni inapyola pamene mita yanga imalekezera.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mu YBa2Cu3O6, kopa aliyense wa m'magawo a CuO2 ali ndi maelekitironi 9 m'malo okwana 10 otchedwa 3d. Malo apamwamba, amene amalandira maelekitironi awiri, ali ndi imodzi. Band theory, imene imatenga elekitironi iliyonse ngati ikuyenda yokha, imati chinthu chodzaza theka chotere chiyenera kudutsitsa magetsi ngati chitsulo, ndipo makompyuta owerengera ndi njira yotchedwa LDA amanena zomwezo, kwa YBa2Cu3O6 ndi kwa La2CuO4, oxide ya lanthanum ndi kopa. Koma zonse ziwiri sizidutsitsa, ndipo gap yake, mphamvu yofunika kuti elekitironi iyambe kuyenda, ndi pakati pa 1.5 ndi 2 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya elekitironi). Kuti elekitironi isunthe iyenera kulumphira pa kopa amene ali kale ndi inzake, ndipo kukankhana kwa ziwirizo, kumene amakutcha U, n'kokwera mtengo. Zili ngati basi imene mpando uliwonse wa anthu awiri wakhalapo munthu mmodzi, ndipo palibe wofuna kupanikizana ndi mnzake: malo alipo theka lathunthu, koma wosuntha palibe. Okosijeni akalowa m'mizere ija amakoka maelekitironi ena kuchoka m'magawo a CuO2, mipando ina imatsala yopanda munthu, ndipo kuyenda kumayambika. Superconductivity imafika pachimake pamene mabowo otere ali pafupifupi 0.16 pa kopa aliyense.

Ganizoli si lachilendo. De Boer ndi Verwey anaona mu 1937 kuti nickel oxide siidutsitsa magetsi pamene inayenera kutero, Nevill Mott analongosola chifukwa chake mu 1949, John Hubbard anaika m'masamu mu 1963, ndipo Philip Anderson mu 1987 ananena kuti ma oxide a kopawa ayenera kumvetsedwa kuyambira pamenepa.

Epulo, kumapeto: kubwezera

Mnzanga wa mu labotale ataona zotsatirazi anangoti, "Amwene, mbulu wowonongeka nawonso sudutsitsa magetsi. Mwadziwa bwanji kuti simunangouphwanya?"

Funso lake n'lolondola. Argon wotentha akhoza kugawa YBCO kukhala zinthu zina, pogundana pa timakrisitalo pakhoza kuwola, ndipo polumikizira poipa pamaonetsanso resistance yokwera pozizira. Aliyense amene akubwereza ntchitoyi asalekere pa mbulu wosadutsitsa magetsi n'kumati waona zimene Mott analongosola.

Ndinachita ziwiri. Choyamba, tizidutswa ta mibulu yonse iwiri tinapita pa makina a X-ray diffraction, oona mmene maatomu aimira mu krisitalo. Wodzaza okosijeni unasonyeza orthorhombic, mbali ziwiri za kachipinda ka krisitalo zosiyana pang'ono, cha pa 3.82 ndi 3.89 angstrom (muyeso wa kutalika kwa pakati pa maatomu). Wolandidwa unasonyeza tetragonal, mbali ziwirizo zitafanana cha pa 3.86, ndipo mbali yaitali itakula kuchoka cha pa 11.68 kufika cha pa 11.8. Nsonga zachilendo, zosonyeza chinthu china, pa chithunzi cha X-ray panalibe, kupatula kachizindikiro kakang'ono ka 211 kamene kali m'mibulu yonse. Krisitalo ndi yomweyo.

Chachiwiri, mbulu womwewo unabwerera mu okosijeni pa 450. Sikelo inasonyeza kuti watenganso pafupifupi zonse zimene unataya, kamaginito kanayandama, ndipo resistance inagwanso cha pa 92 K. Chinthu chogawikana sichingabwerere pa kutentha kotsika chonchi. Chikanafunika kuwotchedwanso pa 930. Kwa ine, kubwereraku ndiko kumapatsa mphamvu zotsatira zonse za mwezi uno.

Meyi: malire a mbulu wanga, ndi mbulu wapakati

Nanga kukankhanako n'kwamphamvu bwanji? Nambala zimene akatswiri amagwiritsa ntchito ndi izi. U ya pa kopa ndi cha pa 8 mpaka 10 eV, koma gap ndi yaying'ono kuposa pamenepo chifukwa pali njira yotsika mtengo, yochotsa elekitironi pa okosijeni woyandikana n'kuipereka kwa kopa. Zaanen, Sawatzky ndi Allen anatcha zinthu zotere charge-transfer insulator mu 1985, ndipo Zhang ndi Rice anasonyeza mu 1988 momwe bowo la pa okosijeni limamangirirana ndi kopa n'kumayenda ngati chinthu chimodzi. Akafupikitsa zonse kukhala model ya Hubbard ya band imodzi (gulu limodzi la malo a maelekitironi), mphamvu yolumphira, t, imakhala cha pa 0.4 eV, ndipo U imatuluka pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa t. Kutambasuka kwa band yonse nakonso ndi 8t. Ziwirizi zikulimbana mofanana, ndiye masamu oyambira mbali imodzi, ya U yaying'ono kapena ya U yaikulu, sakwanira.

N'chifukwa chake mkangano ulipo. Mu 2008 gulu la Andrew Millis ku Columbia, poyerekeza masamu ndi momwe ma oxidewa amayamwira kuwala, linati U ndi yapakatikati, yosakwanira payokha kuimitsa maelekitironi popanda thandizo la antiferromagnetism, dongosolo limene ma spin (timaginito ta maelekitironi) a kopa oyandikana amaloza mosemphana. Mu 2010 Weber, Haule ndi Kotliar ku Rutgers anasiyanitsa: La2CuO4 ili kumbali ya kukankhana kwamphamvu, pamene Nd2CuO4, kholo la ma superconductor olandira maelekitironi amene Tokura, Takagi ndi Uchida anapeza mu 1989, ndi yofooka, ndipo imasiya kudutsitsa chifukwa cha dongosolo la ma spin.

Mbulu wanga sungaweruze mlanduwu. YBa2Cu3O6 imakhala antiferromagnet mpaka cha m'ma 400 K, La2CuO4 mpaka cha pa 325 K, ndipo kuyeza kwanga konse kunachitikira pansi pa 300 K, dongosololo lidakalipo. Ngakhale nditayeza mu argon pamwamba pa 400 K, ma spin oyandikana amakhalabe osemphana kutali pamwamba pake, chifukwa mphamvu yowamanga ndi yoposa 100 meV, yofanana ndi kutentha koposa 1000 K. Chimene mbuluwu wasonyeza n'chakuti kuwerenga maelekitironi mmodzimmodzi kumalephera. Kukula kwa U sunanene.

Chotheka ndi kudzaza pakati. Mbulu ukakhala mumpweya pa kutentha kosankhidwa mpaka okosijeni atakhazikika, n'kuugwetsera mu nayitrojeni mwadzidzidzi, umasunga okosijeni wa pa kutenthako. Kukatentha kwambiri amatsala wochepa. Mbulu wathunthu unang'aluka pogwera, ndiye tsopano ndimagwetsa tindodo topyapyala, siliva atapakidwa kale. Kandodo koyamba kanatuluka cha pa O6.6 malinga ndi sikelo. Resistance yake ikutsika pozizira ngati chitsulo, koma mpaka 77 K sinagwe. Sikuti kawonongeka: superconductivity imayamba okosijeni akafika cha pa 6.35, ndipo kuzungulira 6.6 kusintha kumakhazikika cha m'ma 60 K. Kuchotsa mpweya pamwamba pa nayitrojeni ndi pampu kumamuziziritsa, koma pa 63 K amaundana, ndiye 60 K yatsala pang'ono chabe kunja kwa chidebe changa.

Tindodo totsatira ndikutigwetsa kuchokera pakati pa madigiri 500 ndi 550, kufuna okosijeni wa cha pa 6.8, kuti kusintha kugwere pakati pa 65 K ndi 85 K. Pampu ilipo. Chimene chikusowa ndi chivindikiro cha chidebe cha nayitrojeni chokhala ndi potulukira mawaya posathawa mpweya, ndipo mawaya ofunika kudutsapo ndi asanu ndi atatu: anayi a kandodo, anayi a Pt100.